Kafukufuku wa ndege kuno ku Chipata ayambire pa ma drone

Uinjiniya wa ndege amaphunzitsa ku Copperbelt University ku Kitwe, ndipo sukulu ya ZASTI ku Lusaka imasula amisiri okonza ndege. Kuno kum'mawa tili ndi mabwalo a ndege a Chipata ndi Mfuwe, koma yunivesite yofuna kuyambitsa kafukufuku isathamangire kugula ndege. Iyambe ndi ma drone (ndege zing'onozing'ono zouluka zopanda munthu m'kati) komanso funso limene kampani ingalolere kulipirira yankho lake.

Funso lotero lilipo kale. Bwalo la Chipata lili pamalo okwera mamita opitirira 1,000. Masana a mu October kukatentha kufika madigiri 33, mpweya umapepuka ndi maperesenti oposa 15 poyerekeza ndi umene opanga zida amawerengera. Mapulopela amakankha mpweya wochepa, mota imakoka magetsi ambiri, batire n'kutha isanafike mphindi zolembedwa pa bokosi. Kampani yojambula minda kapena yopopera mankhwala imafuna kudziwa kuti mphindi zotayikazo ndi zingati. Poyeza pamangofunika tebulo lolimba, mota yomangirira pa load cell (kachipangizo koyezera mphamvu yokankha), mita ya magetsi ndi choyezera kutentha. Pulopela iliyonse iyezedwe m'mawa ndi masana, katatukatatu, batire yake isasinthidwe.

Boma libweretse zimene kampani singagule: chilolezo cha Civil Aviation Authority (bungwe loyang'anira za ndege) ndi malo ouluzira. Minda ya ku Msekera Research Station, malo ofufuzira za ulimi kuno ku Chipata, ndi yoyenera, makamaka pofufuza ntchemberezandonda zimene zasautsa chimanga kuyambira 2016. Anzathu a ku Malawi anachita zotere mu 2017, boma ndi UNICEF atapatula dera la Kasungu kuti likhale loyeserera ma drone.

Zinthu zimasokonekera pa pangano la yunivesite ndi kampani. Kampani ikapereka zida, malipiro a mmisiri wozisamala amaiwalika. Mabatire a ma drone otchedwa LiPo akasiyidwa odzaza m'chipinda chotentha amafufuma, pamene amayenera kusungidwa pa mavoti 3.8 selo iliyonse, ndipo munthu wodziwa zimenezi azikhala pamalopo tsiku ndi tsiku, osati mphunzitsi amene ali ndi makalasi anayi. Ndalama za mapulopela ndi mota zosinthira zilembedweretu, chifukwa wophunzira aliyense adzagwetsapo drone.

China ndi umwini wa zotsatira. Kampani imafuna chinsinsi, wophunzira amafuna kusindikiza kuti alandire digiri. Mugwirizane poyambirira kuti kampani idzasunga zotsatira miyezi ingati zisanatulutsidwe, ndiponso kuti zithunzi za minda ya alimi zidzakhala m'manja mwa ndani.

Tsiku lotulutsa ndalama nalonso lilembedwe. Mbozi zimadya chimanga chikadali chanthete, mu December ndi January. Ndalama zikafika mu April, chimanga chikuuma, palibenso choti mujambule mpaka mvula ina.