Zenera la ku Boldre

Loweruka. Lero sindinali pa shifiti, ndiye ndinakwera sitima ya pamtunda ku Southampton n'kukatsikira ku Brockenhurst. Kuchokera pamenepo ndinayenda wapansi mpaka ku Boldre, kamudzi ka m'dera la New Forest kuno ku England, komwe mahatchi amangoyendayenda m'mbali mwa msewu popanda wowaweta. Tchalitchi cha St John the Baptist chili pakaphiri, patali ndi nyumba za anthu, moti ndinafika thukuta lili kamukamu.

Chomwe ndinapitira chili pakhonde penipeni polowera: kazenera kakang'ono ka magalasi amitundumitundu, kojambulidwa Nicholas Woyera, amene Akhristu akuno amamutenga ngati nkhoswe ya oyenda panyanja. Anakaika pokumbukira asilikali a sitima yankhondo ya Britain yotchedwa HMS Hood. Pakhonde pomwepo pali mabenchi awiri osemedwa chizindikiro cha sitimayo, mbalame yogwira nangula. Ndinakhala pa benchi limodzi nthawi yaitali ndisanalowe.

Hood inamira pa 24 May 1941, pakati pa Greenland ndi Iceland, ikulimbana ndi Bismarck, sitima yankhondo ya Germany, pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Bomba linafika mosungira zipolopolo, sitima n'kuphulika, kuduka pakati, n'kumira m'mphindi pafupifupi 3. Mwa anthu 1,418 amene anali m'menemo, opulumuka anali atatu okha: Ted Briggs, Bob Tilburn ndi Bill Dundas. Patapita masiku atatu Bismarck nayonso inamizidwa, koma zimenezo sizinabweze mwana wa munthu aliyense.

Chikumbutsochi chili kuno chifukwa cha Lancelot Holland, mkulu wa asilikali a pamadzi amene anafera m'sitimamo. Iye ndi banja lake ankapemphera pa tchalitchi chimenechi, ndipo nkhondo itatha mkazi wake ndi amene anayesetsa kuti pakhale malo okumbukira, osati mwamuna wake yekha koma onse. Mkati muli buku lolembedwa mayina a omwalira onse 1,415, komanso chithunzi cha sitimayo chojambulidwa ndi Montague Dawson. Chaka ndi chaka mu May amachita mapemphero owakumbukira.

Nditaima pa bukulo mtima unandiwawa. Kwathu maliro opanda mtembo ndi chinthu cholemetsa kwambiri. Ife a kunja kuno timasonkherana ndalama zambirimbiri kuti mnzathu akamwalira akaikidwe kumudzi, abale aponye dothi, pambuyo pake amange chiliza. Amayi a anyamata awa analandira uthenga basi. Panalibe bokosi loti aperekeze, panalibe manda oti akasese. Ana awo ali pansi pa nyanja, mamita pafupifupi 2,800, ndipo zotsala za sitimayo zinapezeka mu 2001, makolo ambiri atapita kale. N'chifukwa chake sindikuona kazenera aka ngati chokongoletsa. Kanapatsa anamfedwa malo oti mapazi afikepo, oti munthu aimepo n'kulira. Mayi Holland anachita bwino kuganizira mabanja ena pomwe iwonso anali pachisoni.

Pobwerera mvula inandipeza panjira, ndinafika pa siteshoni nditanyowa. Belu la Hood linavuulidwa mu 2015 ndipo likusungidwa ku National Museum of the Royal Navy ku Portsmouth. Ndalembera kale achemwali kuti akadzapuma tidzapite limodzi tikalione.