Sabata ya Mòd ku Oban, ndili kuseri kwa zokuzira mawu

Ntchito yanga ndi ya zokuzira mawu, ndipo ndimakhala ku Glasgow. Mu Okutobala 2024 abwana ananditumiza ku Oban, tauni ya padoko kumadzulo kwa Scotland, kukagwira ntchito sabata yathunthu pa Royal National Mòd, mpikisano wa nyimbo, ndakatulo ndi zoimbira wa anthu olankhula Gaelic, chinenero chakale cha ku Scotland. Mòd yoyamba inachitikira ku Oban komweko mu 1892, ndipo bungwe la An Comunn Gàidhealach limauyendetsabe mpaka lero, chaka chino tauni iyi, chamawa ina.

Lolemba ndi Lachiwiri anali masiku a ana. Anandiika muholo yaing'ono ya tchalitchi ndi maikolofoni awiri okha, a wapampando ndi a oweruza. Ana ankaimba ndi pakamwa pawo basi, choncho ntchito yanga yaikulu inali kukhala chete ndi kutchera khutu. Nyimbo inali imodzi yomweyo, yosankhidwiratu, mwana uyu akatsika wina n'kukwera. Pofika masana ndinali nditaigwira ndine amene, ngakhale sindinkadziwa tanthauzo lake.

Chinandigwira mtima ndi tebulo la oweruza. Panali anthu awiri. Wina ankamvetsera nyimbo: kutsetsereka kwa mawu, mpweya, liwiro. Mnzake, mayi wa imvi, ankamvetsera chinenero chokha. Mwana atha kuimba mokoma ngati mbalame, koma akapotoza liwu limodzi la Gaelic, mayi uja amalemba. Malikisi amachokera uku ndi uku. Poyamba ndinaona ngati n'kuumitsa zinthu kwa ana a zaka khumi. Kenako ndinakumbukira kuti kalembera wa 2011 anapeza anthu pafupifupi 57,000 okha olankhula Gaelic m'dziko lonse la Scotland. Mayi uja ankalondera chinthu chimene chikatayika sichitoledwanso.

Lachiwiri m'mawa kunali oimba clàrsach, zeze wamng'ono wa ku Scotland amene amatsamiritsa paphewa. Holo inali itazizira usiku wonse, ndiye zotenthetsera zitayatsidwa, nsambo zinayamba kusokonekera. Mtsikana wina wochokera kuzilumba, amene sitima yawo inachedwa chifukwa cha mphepo, analowa akupumira m'mwamba, chovala chamvula chikudontha. Anakhala pansi pambali pa tebulo langa, khutu ataligunditsa pa thabwa la zeze, akumanga nsambo imodziimodzi ndi kakiyi kachitsulo. Zala zake zinali zofiira ndi chisanu. Ndinamupatsa kapu yanga ya tiyi kuti angoifumbata. Anandiyang'ana n'kunena kuti "tapadh leibh". Mayi ake anandifotokozera kuti kwa mnzako umati "tapadh leat", koma kwa wamkulu umati "leibh". Ndinaseka ndi chimwemwe: ndi iwe ndi inu wathu yemwe uja.

Sanapambane. Anatuluka wachinayi, ndipo analira pang'ono pakhonde. Koma pepala la oweruza analiwerenga kawiri, n'kulipinda bwinobwino, n'kuliika m'chikwama cha zeze. Anthu ena amati mipikisano imapweteka ana, ndipo misozi ija ndinaiona ndi maso anga. Komabe ine ndili kumbali ya mpikisano. Mwana ameneyu wakhala miyezi akuyeserera madzulo aliwonse chifukwa panali tsiku loikika ndi anthu odziwa amene adzamumvetsere mpaka kumapeto. Popanda tsikulo, zeze akanakhala pakona akusonkhanitsa fumbi.

Lachitatu ndinathandiza kukoka mawaya kuholo yaikulu, kumene akuluakulu ankalimbirana mendulo yagolide pamaso pa makamera a BBC Alba, wailesi ya kanema ya m'chinenero cha Gaelic. Linali tsiku la thukuta, lopanda nthawi yomvetsera.

Tsiku lina m'sabatamo ndinakumana ndi nyimbo zimene amati òrain luaidh. Amayi amakhala mozungulira tebulo, atagwira nsalu yaubweya yonyowa, n'kumaimenyetsa pa thabwa onse pamodzi, mmodzi akutsogolera, ena akuvomera. Kale umu ndi mmene ankafewetsera nsalu kuzilumba za Hebrides. Thupi langa lonse linachita tsembwe, chifukwa ndinamva agogo anga ali pamtondo ndi anzawo, misi ikugunda mosinthana, nyimbo ikunyamula ntchito. Apa ndiye ndinatsitsa maikolofoni pafupi ndi tebulo, osati pakamwa pawo, kuti kugunda kuja kumveke mpaka kumbuyo.

Usiku wa Lachinayi, titaweruka, tinalowa muhotela ina momwe achinyamata ankangoimba okha, wopanda woweruza. Mnyamata wina wa vayolini, wa zaka 17, anandiuza kuti maso ake ali pa BBC Radio Scotland Young Traditional Musician of the Year. Mpikisano umenewu unayamba mu 2001, ndi wa oimba a zaka 16 mpaka 27, ndipo asanu ndi mmodzi otsiriza amakumana ku Glasgow pa chikondwerero cha Celtic Connections. Anatchula Gillian Frame wa ku Arran, woyamba kuupambana, ngati akutchula mlongo wake wamkulu. Pambali pake panali bambo wina wachikulire wa akodiyoni, amene ankamugunda ndi chigongono akathamangitsa nyimbo, ndipo mnyamatayo ankabwerera m'mzere osanyinyirika.

Lachisanu kunali makwaya, Loweruka onse anaimbira limodzi panja, ndipo mbendera ya Mòd inaperekedwa kwa a m'dera la Lochaber, olandira Mòd ya 2025. Ine ndinakulunga mawaya, n'kuwerenga maikolofoni, n'kulongedza m'galimoto. Tili pamsewu wobwerera ku Glasgow ndinaimbira foni mwana wanga wamkazi, wobadwira kuno, amene Chichewa amangochimva koma kuyankha amayankha m'Chingerezi. Ndinamuuza kuti Lamlungu tiimbira agogo ake ku Dedza, atiphunzitse nyimbo imodzi ya pamtondo, mawu onse, ndipo iye ndi amene adzatsogolere.