Core plug ikabooka, musamate ndi sopo

Anzanga a ma Hilux akale a dizilo, makamaka inu amene mumakwera phiri la ku Namwera mutapakira katundu, mukaona madzi mu rediyeta akuchepa tsiku ndi tsiku koma mapaipi ali bwinobwino, rediyeta nayo sikudontha, suzumirani m'mbali mwa buloko, thunthu la injini lija, kunsi kwa manifodi, mapaipi a mpweya ndi utsi aja. Muli tizitsulo tozungulira ngati tizivindikiro, amakaniko amati core plug, timatseka mabowo amene ankatulutsira mchenga poumba buloko ku fakitale. Pa injini yanga panali mzere wofiira wa dzimbiri wochokera pa pulagi imodzi wotsika mpaka ku sampu, mosungira oyilo muja, nditakanda ndi sikuludiraiva inangolowa, madzi phwii.

Chimatipha kuno ndi madzi amene timathira. A pa mjigo, a m'nyanja, ena mpaka a mu Shire, popanda kulanti, mankhwala a mu rediyeta oteteza dzimbiri aja, ngakhale pang'ono, ndiye kachitsulo kaja ndi kopyapyala, dzimbiri limakadya kuyambira mkati iwe osadziwa. Zomata ndi sopo kapena guluu wa zitsulo ndimakana, zikufikitsani ku Monkey Bay mwina, koma ndi kutentha kwa mu Okutobala kuno madzi akathera panjira injini imatenthetsa, gasiketi yapsa, hedi ya pamwamba pa injini yapindika, ndalama zake muchita kulira.

Ntchito yake siyovuta ngati dzanja likufika. Tulutsani madzi onse injini itazizira. Ikani panchi, kachitsulo kokhomera kaja, m'mphepete mwa pulagi, osati pakati, menyani pang'onopang'ono kuti itembenuke, mbali ina ikatulukira kunja ikokeni ndi pulayala. Chonde isagwere mkati, kuivuula ndi chintchito ndipo ikatsala imatchinga madzi. Bowo lija lipaleni ndi sandipepa mpaka liwale. Pokagula yatsopano yezani bowolo mamilimita ake, zongoyerekeza ndi maso ayi, ndipo mukapeza ya brass, chitsulo chachikasu chija, tengani imeneyo chifukwa sichita dzimbiri. Pakani silanti, phala lomatira kuti pasadonthe, pang'ono m'mbali mwa pulagi, tengani soketi yolowa bwino mkati mwake, khomani mowongoka mpaka ifanane ndi mlomo wa bowo. Ikalowa chopendekeka itulutseni muike ina, idontha basi.

Imodzi ikabooka zinzake nazo zatsala pang'ono, ine ndinasintha zonse za mbali imeneyo. Yovuta ndi ya kumbuyo kwa injini, imafuna kutsitsa giyabokosi, ndiye tsiku losintha kilatchi muuzeni makaniko aisinthiretu. Mukamaliza tsukani dzimbiri lonse modutsa madzi mu injini ndi mu rediyeta, thirani kulanti theka madzi oyera theka, lizani injini itenthe mukuyang'ana ngati pakunyowa.