Lachiwiri: taikalambitsa Kariba pa laputopu

Mphwanga amene akuphunzira zauinjiniya wabwera masana kuno ku Kalingalinga, ati kudzandiona koma tonse tikudziwa kuti imamuitana ndi nsima ya alamu ake. Titasamba m'manja watsegula laputopu, ndikuona chithunzi cha chikhoma chokhota cha damu, chodulidwadulidwa timabokosi ting'onoting'ono, pena pofiira pena pabuluu. Ati achimwene iyi ndi Kariba ya pulojekiti yanga, dikirani ndiikalambitse. Wadina batani, zaka zayamba kuthamanga pakona apo 1959, 1975, 1990, khoma lija likuweramira uku n'kubwerera, nyanja ikadzaza madzi alikankhira kumunsi, nyengo yotentha konkire ifutukuka libwereranso kunyanja, akuti zenizeni zake ndi timamilimita chabe koma kompyuta imakokomeza kuti maso aone.

Chandigwira mtima ine ndi konkire yotupa. Simenti ikakumana ndi miyala ina pali chinyezi, mkatimo mumapangika kaphala komwa madzi n'kumafufuma pang'onopang'ono zaka ndi zaka, ndiye ku Kariba zinafika poti panali mantha kuti zitsulo zotsekera pa mageti 6 otayira madzi aja zizikakamira m'mipata yake. Kumunsi nako madzi ogwa pa magetiwo anakumba dzenje lakuya pafupifupi mamita 80 m'thanthwe, pomwe khomalo ndi mamita 128, tangoganizani. N'chifukwa chake a Zambezi River Authority, omwe amayang'anira damuli, anachita kulikuza dzenjelo kuti mphamvu ya madzi izipita kutsogolo osati izidya kufupi ndi maziko.

Ndamufunsa kuti iwe, nanga ukudziwa bwanji kuti kompyutayi sikukunamiza? Ati m'madamu otere mumakhala mawaya olendewera okhala ndi chitsulo cholemera kumapeto, anthu amalemba mmene khoma lasunthira, ndiye umayamba wayendetsa zaka zakale n'kufananitsa ndi zolembedwazo, zikasiyana umakonza manambala ako mpaka zigwirizane, kenako ndi pomwe ungayerekeze kulosera za kutsogolo. Apo pokha ndagwirizana naye, koma zolosera za chaka cha 2060 zomwe anandionetsa zinali zokongola mopitirira muyeso, ine ayi.

Ndiye ndati chilala cha 2024 chija tinkagona mumdima nyanja itatsikiratu, wachiikamo? Wakhala chete kaye, kenako wati nyanja yake imangodzaza n'kutsika mofanana chaka chilichonse. Manje ali pa tebulo apo akusaka ma levulo a madzi pa bando yanga ya intaneti, aphunzitsi ake akufuna ntchitoyo Lachisanu.