Amayi amodzi, mayina atatu

Tangochoka kumene pa mzere kuno ku Thyolo, amayi abwerera chimanjamanja. Kompyuta ikuti iwo ndi anthu atatu! M'buku la kuchipatala analembedwa ndi dzina la bambo awo, m'kaundula wa mudzi muli la amuna awo, pa chiphaso cha unzika pali R pomwe kwina kuli L. Chaka chobadwa nacho chasiyana, poti kale olemba ankangoyang'ana nkhope n'kuganizira.

Mtsikana wa pa desiki sindikumuda ayi, wandifotokozera bwinobwino. Akuti akangolumikiza mayina ofanana mwachisawawa, anthu awiri osiyana amasanduka mmodzi, wina n'kudya za mnzake. N'zoona, mudzi umodzi umatha kukhala ndi amayi angapo a dzina limodzi.

Koma abale, chiphaso cha unzika chinabwera mu 2017, ndipo aliyense ali ndi nambala yakeyake. Bwanji osalemba nambala imeneyo m'mabuku onsewa, nkhani n'kutha? M'malo mwake munthu wokalamba akwerenso kabaza mawa kukatenga kalata kwa amfumu yotsimikiza kuti iwo ndi iwo. Ndalama ya kabazayo atipatsa ndani?