Kudikira kwa a Enda Kenny

Usiku wina tulo titandithawa ndinangoyamba kuwerenga pa foni za a Enda Kenny a ku Ireland, ndipo chomwe chinandidabwitsa si udindo wawo wa Taoiseach, nduna yaikulu ija, ayi, koma kupirira kwawo basi.

Mu 1975 bambo awo a Henry Kenny, omwe anali phungu ku dera la Mayo, anamwalira, ndiye chipani cha Fine Gael chinangotola mwana wawo, mphunzitsi wa pulayimale wa zaka 24, kuti ayime pa chisankho chapadera. Anawina, nkukhala wamng'ono kuposa aliyense mu Dáil, nyumba ya malamulo ya ku Ireland. Kenako zii. Zaka 19 zathunthu asanalowe mu kabineti, mpaka 1994 pomwe anawapatsa unduna wa zokopa alendo ndi malonda. Mu 2001 anapikisana pa utsogoleri wa chipani, a Michael Noonan nkuwagwetsa. Chaka chotsatira chipani chinagwa chagada pa chisankho, chinangotsala ndi mipando 31, apo ndi pomwe anati chabwino a Kenny tengani. Kupatsidwa nyumba denga litasasuka kale, eti.

Ngakhale anzawo omwe ankawaderera, moti mu 2010 wachiwiri wawo a Richard Bruton anayesa kuwalanda mpando koma zinakanika, ndipo pasanathe chaka chipani chomwecho chinapeza mipando 76, a Kenny nkukhala Taoiseach mu Marichi 2011, dziko lili pakhosi ndi ngongole ya EU ndi IMF.

Ine pomwe ndinaima kaye ndi pa Julaye 2011. Mkatolika wopita ku Misa, waimirira mu Dáil kudzudzula Vatican poyera pa nkhani yobisa nkhanza zomwe ansembe ankachitira ana ku dayosizi ya Cloyne. Ku Ireland zimenezo sizinali zamasewera. Mu 2013 anapepesanso m'malo mwa boma kwa amayi omwe anazunzika m'ma Magdalene laundries, nyumba za masisitere momwe ankawasunga nkumawagwiritsa ntchito yochapa zovala, mawu akuchita kunjenjemera.

Osati anali mngelo. Boma lawo linafinya anthu ndi misonkho, nkhani yolipiritsa madzi inatulutsa chinamtindi cha anthu m'misewu ya Dublin, ndipo pamenepo ine sindiwaikira kumbuyo.

Mu 2017 anasiyira a Leo Varadkar, iwo nkubwerera pa benchi ngati phungu wamba wa Mayo mpaka 2020. Zaka 44 m'nyumba imodzimodziyo, u Taoiseach zisanu ndi chimodzi zokha.