Bedford yakale ndi kompyuta yoyezera: zomwe ndikutola pagalaja

Pagalaja pomwe ndikuphunzira umakaniko pali mkangano womwe sutha. Amisiri achikulire amati galimoto za masiku ano ndi zitini, kungozikhudza pang'ono zapindika. Anyamata anzanga ochokera kukoleji amati zakale ndi zitsulo zongomwa mafuta n'kumafukiza anthu utsi. Ine mkanganowu ndimaumva bwino mbali zonse, chifukwa m'mawa ndimakhala pa Sienta ndi Probox za makasitomala, ndipo ntchito ikachepa masana ndimakalowa pansi pa lole yakale ya Bedford yomwe tikuidzutsa kuseri kwa galaja.

Loleyo ndi ya mtundu wa TJ, ija ya mphuno yaitali. Mwini wake akuti bambo ake ankanyamulira chimanga ndi fodya, ndiye atamwalira inangokhala pakhomo mpaka matayala kulowa m'nthaka. Bedford inali nthambi ya kampani ya Vauxhall ya ku England, ndipo malole ake ankapangidwa ku Luton kenako ku Dunstable. Mtundu wa TJ unayamba mu 1958 ndipo unafala kwambiri m'mayiko omwe ankalamulidwa ndi Britain. Ku India ndi ku Pakistan ankaupanganso komweko, n'chifukwa chake mpaka lero malole ambiri okongoletsedwa a ku Pakistan ndi a Bedford. General Motors, eni ake a Vauxhall, anasiya kupanga malole akuluakulu a Bedford mu 1986. Choncho sipeya yake simupita n'kukagula pashelefu. Mumayendayenda ku Biwi kufunsa amene anaphwasulapo ina, ndipo chikasowa mumakasulitsa.

Phunziro loyamba linali la masipanala. Bokosi langa lonse ndi la mamilimita, koma mabawuti a loleyi ndi a mainchi. Mutu wa theka la inchi ndi mamilimita 12.7, ndiye sipanala ya 13 imalowa ndithu, kumaoneka ngati yagwira, koma mukakoka mwamphamvu pabawuti ya dzimbiri imangotsetsereka n'kudya makona. Madala omwe akundiphunzitsa ali ndi masipanala awo a mainchi, okutidwa m'chiguduli chakuda ndi oyilo, ndipo sabwereketsa wamba. Tsiku lomwe anandipatsa anati, "Iwe, bawuti ya zaka zimenezi siikakamizidwa. Ithire mafuta, imenye pang'ono pamutu, upite ukachite zina. Mawa ikuyankha." M'mawa mwake ambiri anamasukadi. Ena anafunika moto wa gasi.

Injini yake ndi ya dizilo, ya masilinda 6, ija amaitchula kuti 330 potengera kukula kwake m'mainchi, komwe ndi malita pafupifupi 5.4. Apa ndi pomwe ndaphunzira kwambiri, chifukwa chilichonse chimaoneka ndi maso. Mukhoza kulondola njira ya dizilo ndi chala: kuchoka m'thanki, kufika pakapampu kakang'ono kokoka, kudutsa m'sefa, kulowa m'pampu yaikulu, kenako m'mapaipi 6 achitsulo opita ku mainjekita. Palibe waya wa sensa, palibe kabokosi kobisa nzeru. Titatsuka thanki, yomwe munali matope a dzimbiri ndi madzi, tinayamba kutulutsa mpweya. Ine ndinkapopa ndi chala pa kapampu kaja, madala atamasula kabawuti ka pasefa. Poyamba kanangotulutsa thovu, kenako thovu losakanikirana ndi dizilo, mpaka dizilo woyera anayamba kutsika wopanda kuwira. Tinachitanso chimodzimodzi papampu yaikulu, n'kumasula manati a painjekita, n'kuzungulitsa injini mpaka nati iliyonse inayamba kulavula. M'kalasi tinalemba kuti mpweya umafinyika pomwe dizilo safinyika, ndipo ndinakhoza funsolo pamayeso. Koma kuti ndimvetse chifukwa chomwe kathovu kamodzi kamaletsera injini yonseyo kulira, panafunika chala changa chitupe ndi kupopa.

Mabuleki anatidyera nthawi yochuluka kuposa injini. Ndi a madiramu mawilo onse, ndipo masilinda ake anali atagwirana ndi dzimbiri moti pisitoni sinkasuntha ngakhale pang'ono. Nsapato za buleki tinakazimatitsa zatsopano. Pansi pa kabu, pomwe dalaivala amaponda, panali pobooka mpaka kuona dothi, koma chasisi yokha inali yolimba. Titaigogoda ndi hamala inalira bwino paliponse kupatula pafupi ndi pomangira masipuling'i akumbuyo. Za penti sindinena zambiri, chifukwa mwini wake akufuna yobiriwira monga inalili ndipo ife sitinafikepo.

Ndikagwira loleyi ndimamvetsa chikondi cha achikulire. Galimoto yotere ikafera kutchire, munthu wa sipanala, pulayala ndi kawaya akhoza kuifikitsa kunyumba. N'chifukwa chomwechonso anthu amakumbukira Peugeot 404, yomwe ku Kenya anapitiriza kuipanga mpaka 1991 pomwe ku France anali ataisiya kalekale, kapena Land Rover zija za thupi la aluminiyamu zomwe zinayamba mu 1948. Toyota nayo ikupangabe Land Cruiser 70 yomwe inayamba mu 1984, chifukwa kuli malo komwe galimoto yosavuta kukonza ndiyo imafunika.

Koma pomwe ndimasiyana ndi madala ndi pa mawu akuti zitini. Chitsulo chochindikala si chitetezo. Mu 2009 bungwe la ku America loyesa chitetezo cha galimoto la IIHS linawombanitsa Chevrolet Bel Air ya 1959 ndi Chevrolet Malibu ya 2009, ndipo kanema wake ali pa intaneti. Yakale ija, ndi kulemera kwake konse, inaphwanyika mpaka pokhala dalaivala, chiwongolero n'kulowera m'kati. Yatsopanoyo inafwanyika kutsogolo koma m'kati munatsala bwinobwino. Kupindika komwe achikulire amanyoza kuja n'kochita kufuna: kutsogolo kumapindika kuti kumwe mphamvu ya ngoziyo isanafike pa munthu. Bedford yathu ilibe ngakhale lamba. Lamba wa masiku ano wodutsa paphewa ndi m'chiuno anayamba ndi Volvo mu 1959, ndipo panatenga zaka kuti afalikire. Nditawaonetsa kanemayo pafoni, madala anangoti, "Chabwino, koma Malibu yakoyo idzakhalapo ikadzakwana zaka za Bedford iyi?" Funso limenelo ndi labwino, koma ndi funso lina.

Anzanga a kukoleji nawo ali ndi pawo pomwe amaterereka. Amaona ngati kompyuta yoyezera ndiyo makaniko. Soketi ija ya OBD-II ya pansi pa chiwongolero, yomwe ku America inakhala lamulo pa galimoto zing'onozing'ono zonse zatsopano kuyambira 1996, imakupatsani nambala ya vuto basi. Kunabwera Sienta itayatsa nyali ya injini, ndipo kompyuta inaonetsa P0171, kutanthauza kuti mpweya ukuchuluka poyerekeza ndi petulo. Mnzanga wina anathamangira kunena kuti sensa ya okosijeni yafa, agule ina. Madala, omwe kompyutayo saigwira n'komwe, anafunsa tanthauzo la nambalayo, kenako anati tizimitse wailesi. Anaweramira pa injini ikulira, n'kuyendetsa dzanja papaipi ya labala yochokera kusefa ya mpweya. Pansi pake, pomwe maso safika, inali itang'ambika. Sensa inkanena zoona, ndipo ikanasinthidwa nyali ikanayakabe. Khutu limenelo analipeza pa makabuleta, komwe injini yoyamwa mpweya wakuba umaizindikira ndi kaliridwe.

Ndiye ine ndaona kuti lole yakaleyi ikundiphunzitsa kuwerenga galimoto zatsopano. Injini ya dizilo yamakono ya common rail (momwe mainjekita onse amalandira dizilo kuchokera m'paipi imodzi), yomwe inayamba kupezeka m'galimoto zing'onozing'ono mu 1997 ndi Alfa Romeo 156, imachita ntchito yomweyo ya pampu ya Bedford, kungoti nthawi ndi muyeso wa mafuta zikulamulidwa ndi kompyuta, ndipo mphamvu yomwe dizilo amapanikizidwa nayo imapitirira 1,500 bar. Pa Bedford mukhoza kumasula nati ya injekita imodzi injini ikulira kuti mumve silinda yomwe yagona. Pa common rail musayerekeze, chifukwa dizilo wa mphamvu imeneyo amaboola khungu, ndipo mumayesa ndi kompyuta. Funso lomwe mukufunsa ndi limodzi, zida ndizo zasiyana. Komanso injini zatsopanozi sizipirira zinyalala. Dizilo wa m'zigubu amene anthu amagula mafuta akasowa, Bedford ikhoza kumumwa n'kungotsokomola, koma pa common rail kadontho ka madzi kamawononga mainjekita a ndalama zambiri.

Chomwe chimandidetsa nkhawa pa maphunziro athu n'chakuti mbali ziwirizi sizikumana. Achikulire ambiri omwe amadziwa kuchuna pampu ndi khutu akukalamba osasiyira aliyense, pomwe ife achinyamata tikuthamangira kompyuta chifukwa ndi komwe kuli ndalama, poti misewu yadzaza ndi galimoto zochokera ku Japan zolowera ku Songwe. Sindikuwadzudzula anzanga, Bedford sidyetsa munthu masiku ano. Ngakhale mwini wakeyu akudziwa kuti ndalama zomwe walowetsa sadzazibweza ponyamula katundu, ndipo kuti ilowe pamsewu iyenera kukakhoza kaye COF, mayeso oona ngati galimoto ili bwino, monga ina iliyonse.

Tatsala ndi mawaya, omwe ambiri afumbutuka moti kuwagwira n'kutsala ndi mkuwa m'manja, komanso makingipini, zitsulo zomwe mawilo akutsogolo amakhoterapo, omwe akugwedera. Madala akufuna tisiye dayinamo yake momwe ilili, ine ndikuti tiike olitaneta kuti batire lizidzaza ngakhale injini ikulira pang'onopang'ono m'tauni. Mwini wake akuti abwera Loweruka kudzagamula, ndipo ndikuganiza kuti atsatira za madala.